Za Masewera a ku Blantyre pa Nyengo ya Chilimwe

Akristu anzathu, dzuwa la chilimwe likatentha, ntchito ya kumunda itachepa, ana athu ambiri amanyamuka Loweruka kunka ku Blantyre. Ife makolo tiyenera kudziwa zimene amakaona kumeneko.

Ku Kamuzu Stadium kumasonkhana khamu lalikulu pamene a Bullets ndi a Wanderers alimbana pa mpira. Pafupi pomwepo, ku Chichiri, kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale za makolo athu, ndipo pabwalo pake paima injini ya sitima yamakedzana. Tsono m'chaka cha 2009 munayambanso Blantyre Arts Festival, chikondwerero cha oimba, ovina, azisudzo ndi alakatuli.

Kodi tiwaletse? Iai, pakuti luso ndi mphatso ya Mulungu, ndipo mfumu Davide yemwe anavina pamaso pa Ambuye. Koma mwana apite ndi malangizo awiri. Loyamba: chisangalalo cha Loweruka usiku chisamlande Misa ya tsiku la Mulungu, pakuti ku Katedrale ya ku Limbe nsembe yake ndi yomweyi ya kwathu kuno. Lachiwiri: ndalama ya mbeu isathere pa chipata cha bwalo, chifukwa mvula ya Novembala siyembekeza munthu amene sanasose.