Mwini wake wamwalira, nanga galu wokalambayu apite kwa yani?

Maliro atha. Adzukulu atsuka makasu, achibale a ku Nsaru ndi ku Kabudula akwera kale maminibasi, pabwalo pangotsala phulusa pamene azibambo amaothera moto usiku. Pakapita masiku, banja likhala pansi kugawana katundu wa malemu. Njinga kwa uyu, wailesi kwa uyo, mbuzi ziwiri kwa azakhali, matumba a chimanga kwa ana. Aliyense anyamula chake, chitseko achikhoma ndi loko. Pakhonde pangotsala galu wa imvi kukamwa, akuyang'ana kunjira kumene mbuye wake ankatulukira akamachokera kudimba.

Amene munakulira ku Namitete, ku Mpingu kapena ku Nambuma, zimenezi munaziwonapo. Mbuzi anthu amalimbirana, nkhuku amalimbirana, ngakhale mpando wothyoka mwendo umapeza mwini. Koma galu, makamaka wokalamba, satchulidwa n'komwe. Nkhaniyi ikufotokoza zomwe zimamuchitikira galu wotere, chifukwa chake zikukhudza mudzi wonse, komanso momwe mungamupezere khomo lina.

Akasiyidwa yekha chimachitika n'chiyani?

Madokotala a ziweto amati galu wayamba kukalamba akafika zaka 7 kapena 8, ndipo agalu akuluakulu msinkhu amakalamba msanga kuposa ang'onoang'ono. Kumudzi kuno galu wofika zaka zimenezi ndi umboni wakuti panali munthu amene ankamusamala. Mumamudziwa ndi imvi kukamwa, mano operepeseka kapena oguluka, maso otuwa, kugona kwambiri komanso kudzuka movutikira m'mawa.

Galu wamng'ono akasowa mwini amatha kudzipezera chakudya kudzala kapena kumsika. Nkhalamba singathe. Kuthamanga kunatha, mano olumira fupa palibe, ndipo agalu anzake amamuthamangitsa pa chakudya. Njala ikamupweteka amayamba kulowa m'makhitchini a eni, kuba mazira, kugwira anapiye. Kuchoka pamenepo nkhani yake mukuidziwa: miyala, zibonga, kapena nsima yothira tameki. Ndipo nsima ya poizoniyo sisankha. Imadyedwanso ndi galu wa neba, nkhuku, nthawi zina ikhoza kutoledwa ndi mwana wokwawa.

Palinso nkhani ya chiwewe. Galu wopanda mwini palibe womutengera ku katemera. Bungwe la World Health Organization limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka padziko lonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Mwa anthu 10 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, anayi amakhala ana osafika zaka 15. Kuti nthendayi ileke kufala m'dera, pamafunika kuti agalu 70 mwa 100 alionse abayidwe katemera. Choncho galu aliyense wotayidwa ndi mpata umodzi wolowera chiwewe m'mudzi.

Ndi chisoni, malodza, kapena chiwewe?

Galu amamusowa mbuye wake. Amakana chakudya, amalira usiku, amagona pakhomo la nyumba yokhomayo, ena amafika mpaka kumanda. Ku Japan kunali galu wotchedwa Hachiko amene mbuye wake anamwalira mu 1925, koma iye anapitiriza kukamudikira pa siteshoni ya sitima ya Shibuya mpaka pamene anafa mu 1935. Anthu a kumeneko anamuumbira chipilala. Kwathu kuno galu akamalira chonchi, anthu ena amati ndi malodza, akuitana maliro ena, kapena amati malemu anasiya zinazake mwa iye. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo n'zoona, kulirako kuli ndi chifukwa. Chifukwa chake n'chakuti munthu amene ankamupatsa mkute m'mawa uliwonse sakumuonanso, basi.

Komabe chenjerani, musamangoti chilichonse ndi chisoni. Galu wachisoni amamwa madzi, amazindikira anthu amene amawadziwa, ndipo pakapita masiku ochepa amayambanso kudya pang'onopang'ono. Galu wa chiwewe amasintha khalidwe mwadzidzidzi: amachucha dovu, amaluma chilichonse ngakhale mitengo ndi miyala, mawu ake amasintha, amalephera kumeza, miyendo imafooka. Pali mtundu wina wa chiwewe umene galu salusa, amangoti ndwii kukamwa kuli yasa. Mukaona zotere musamugwire kukamwa kufuna kuona ngati watsamwa fupa. Mutsekereni ngati n'kotheka popanda kumukhudza, kenako itanani alangizi a ziweto.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku St Gabriel's kaya kuchipatala chaching'ono chapafupi. Osadikira kuti bala lipole. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu sichichizika.

Mutchuleni pa tsiku logawa katundu

Nthawi yabwino yokonza tsogolo la galuyu ndi tsiku lomwe banja lakhala pansi. Inu achinyamata nthawi zambiri simupatsidwa mpata wolankhula pa zokambirana zotere, koma mukhoza kuwatengera pambali amalume kapena mwinimbumba n'kuwanong'oneza kuti, "Amalume, pepani, nanga galu wa agogo uja tikuti apite kwa yani?" Funso limeneli lokha limakwanira kuti nkhaniyo ilowe pabwalo.

Kumbukirani kuti galu ndi mbali ya katundu wa malemu monga mbuzi ndi nkhuku. Lamulo la 2011 loona za chuma cha masiye, la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limateteza mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana ake kuti asalandidwe katundu. Ndiye ngati agogo aakazi atsala ndipo akumufuna galuyo, musawachotsere. Kwa munthu wamasiye wokhala yekha, galu ameneyu ndi mlonda komanso mnzake wocheza naye. Chomwe mungachite ndi kuwathandiza madeya ndi kumutengera galuyo ku katemera.

Khomo labwino ndi liti?

Yambani ndi pafupi. Galu wokalamba amadalira fungo ndi njira zimene anazizolowera, makamaka ngati maso ayamba kuchita khungu. Neba amene galuyo amamugwedezera kale mchira, kapena mdzukulu amene ankamupatsa chakudya, amaposa wachibale wa ku Area 25 kapena ku Mchinji amene galuyo sanamuonepo. Nthawi zina galu safunika n'kusamuka komwe. Ngati nyumba ya malemu ili pakati pa abale, mabanja awiri akhoza kugwirizana zomudyetsa ali pakhonde lake lomwelo, bola pakhale munthu mmodzi wodziwika kuti mwini wake ndi uyu.

Amene akumutenga mufunseni mafunso awa mosabisa. Kodi panyumba pali ana aang'ono? Galu wa mafupa opweteka kapena wosamva bwino amadzidzimuka mwana akamukwera pamsana, ndipo akhoza kuluma. Kodi pali agalu ena aamuna olusa? Kodi ngati ndi nyumba ya lendi, alandilodi avomera? Kodi akumufunira chiyani? Wofuna galu wosaka kapena woti azithamangitsa akuba usiku wonse akhumudwa, ndipo pakatha mwezi amutaya. Galu wokalamba ntchito yake ndi kuuwa mlendo akafika, kugona pakhomo, ndi kukhala pafupi ndi anthu. Ubwino wake ndi wakuti anaphunzira kale: satafuna nsapato, sakumba m'dimba, ndipo ambiri anazolowera kukhala ndi nkhuku.

Mukamaika pa Facebook kapena pa WhatsApp

Magulu a pa WhatsApp a kutchalitchi, a kumudzi kapena a anzanu a kusukulu amathandiza kuposa tsamba la anthu osawadziwa. Jambulani chithunzi masana, nenani zaka zake moyerekeza, ngati anabayidwa katemera, ndi khalidwe lake. Ngati saona diso limodzi kapena sakonda ana, nenani. Kunama kuti ndi kagalu ka zaka ziwiri kumangochititsa kuti abwezedwe kapena atayidwe kumsika.

Chinthu chimodzi musachite: kulemba kuti nyumba yakutiyakuti yatsala yopanda munthu ndipo galu wake tikupereka. Kumeneko ndi kuitana akuba kuti adzasule malata. Tchulani dera lokha, zina zonse mukambirane ku inbox. Ndipo musanapereke galu, pitani mukaone nokha kumene akupitako.

Tsiku losamuka ndi masabata oyamba

Ngati ndi mtunda woyendeka, yendani naye wapansi m'mawa kusanatenthe, ali pa chingwe, limodzi ndi munthu amene amamudziwa. Kumumanga miyendo pa keliyala ya kabaza ngati mbuzi yopita kumsika kumamuvulaza ndi kumuopseza. Tengani mbale yake, thumba limene amagonapo, ndiponso ngati banja lalola, kansalu kakale ka malemu. Fungo limenelo limamukhazika mtima pansi. Dzina musamusinthe, ngakhale litakhala la maina aja agogo ankapatsa agalu pofuna kuzazira aneba.

Masiku oyamba ayesa kubwerera kwawo. Musungeni mumpanda kapena pa chingwe chachitali pamthunzi, madzi ali pafupi, ndipo muziyenda naye m'mawa ndi madzulo kuti adziwe malo. Waya kapena tcheni chachifupi chimadula khosi, musagwiritse ntchito. Anthu osunga agalu opulumutsidwa amakonda kunena kuti galu amafuna masiku atatu kuti mantha achepe, masabata atatu kuti azolowere zochitika za pakhomo, ndi miyezi itatu kuti amve kuti pano ndi kwawo. Ndi kuyerekeza chabe, koma kumakuthandizani kuti musataye mtima msanga. Akathawira ku nyumba yakale, kamutengeni mwaulemu, osamumenya.

Chakudya ndi thanzi

Simukufunika chakudya cha m'mashopu a mutauni. Phala la madeya kapena nsima yofewetsa ndi msuzi, kuthirako bonya kapena usipa wosinja, dzira lophika mwa apo ndi apo, maungu kapena mbatata yophika, n'zokwanira. Mupatseni pang'ono kawiri pa tsiku m'malo mwa mulu umodzi usiku. Mafupa ophika a nkhuku amasweka n'kubaya m'mimba, ndipo anyezi wambiri ndi woipa kwa galu. M'miyezi ya June ndi July, pamene kuno kumazizira kwambiri, muyalireni thumba kapena bulangete lakale pamalo opanda mphepo.

Musamupatse mankhwala a anthu monga Brufen kapena Panado mukaona akutsimphina, akhoza kumuwononga impso, chiwindi ndi m'mimba. Za nkhupakupa, utitiri, mphere ndi njoka za m'mimba, funsani alangizi a ziweto ku ofesi ya zaulimi ya EPA ya kwanu. Iwo ndi amenenso amadziwa za tsiku la katemera wa chiwewe. Ngati simukudziwa ngati galuyo anabayidwapo, kabayitseni, ukalamba suletsa katemera. Tsiku la 28 September chaka chilichonse ndi lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe padziko lonse, ndipo nthawi imeneyi muzitchera khutu ku zolengeza.

Ngati palibe amene akumufuna

Mu mzinda wa Lilongwe muli bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, lodziwika kuti LSPCA, limene lili ndi chipatala cha ziweto ndipo limathandiza kupezera agalu ndi amphaka makomo atsopano. Yambani mwalankhula nawo musananyamuke, kuti akuuzeni ngati angathe kumulandira kapena akulangizeni njira ina.

Palinso choonadi chowawa. Galu wina amakhala atadwalika kwambiri, sakudzuka, sakudya, ali ndi zilonda zosapola. Wotereyu dokotala wa ziweto akhoza kumubaya jakisoni woti agone osadzukanso, mopanda ululu. Zimenezi n'zosiyana kutalitali ndi kumuthira poizoni, kumupachika, kapena kukamutaya mumsewu wa Mchinji kuti galimoto imalize. Nkhanza kwa ziweto ndi mlandu pansi pa lamulo la Protection of Animals Act.

Ndipo ngati agogo anu ali moyo ndipo ali ndi galu wawo, afunseni lero lomwe mukucheza: "Agogo, galuyu mungakonde adzasungidwe ndi ndani?" Mwina aseka, mwina akukalipirani kuti mukuwalodza, koma yankho lawo lidzathetsa mkangano tsiku lina. Galu amene analondera nkhokwe ya banja lanu zaka 10 akungofuna khonde, mbale ya phala, ndi munthu womuitana dzina lake.