Bala la Mumtima mwa Ana Athu

Akristu anzathu, ambiri a ife tiri ndi ana ku Blantyre, amene akhala kwa amalume ao ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Machinjiri chifukwa cha sukulu. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe Freddy anagwetsera matope ndi miyala ya m'phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anafa anthu oposa 1,000. Ana athu ena anaziona zimenezi ndi maso ao.

Tsono pobwera kumudzi pa tchuthi, mwana wotere sagona mvula ikamaomba pa denga. Apsa mtima msanga, akana nsima, angokhala duu kuseri kwa nkhokwe. Ife makolo tifulumira kunena kuti ndi mwano wa m'tauni, nititenga chikoti. Apo ndipo tilakwa, pakuti mantha otere ndi bala la mumtima, ndipo ndodo ingolinyanyitsa.

Tikhale naye pansi madzulo, timfunse mofatsa; akalira tisamseke, ngakhale ali mnyamata womera kale ndevu. Akatchula za kudzipha tisayese nthabwala ai: tiwadziwitse Bambo Mfumu, ndipo tipite naye msanga ku chipatala. Ku Queen Elizabeth, kumene tikutcha ku Gulupu, kuli madotolo a matenda a maganizo.