Mungapeze bwanji nyimbo zatsopano?

Tayang'anani m'foni mwanu. Mwina muli nyimbo zambirimbiri. Koma mumamvera zingati? Ambirife timangobwereza zomwezomwezo: m'mawa popita kumunda wa kachewere, masana pamsika, madzulo pakhonde. Komatu nyimbo zili ngati ndiwo. Nyemba n'zokoma, koma mukamadya tsiku ndi tsiku zimafika pokola.

Kuno ku Ulongwe tili pamalo abwino. Kumbali ino kuli nyimbo za Mozambique. Mukangodutsa malire a Calomue mwafika ku Dedza, kumene kukulira nyimbo za Malawi. Za ku Zambia ndi ku Zimbabwe nazo zimatipeza, ndipo zina mwa izo amayimba m'chinenero chathu chomwechi. Nyimbo sizisowa ayi. Vuto ndi lakuti imakudutsani kamodzi, n'kuikonda, koma osadzaipezanso.

Choyamba, gwirani dzina

Zinakuchitikiranipo izi? Muli m'chapa, dalaivala waika nyimbo yokoma. Mukugwedeza mutu njira yonse. Mwatsika, chapa yapita, nyimbo yapita nayo. Mawa mukufotokozera mnzanu kuti, "Ija yoyamba ndi gitala ija!" Mnzanuyo akungokuyang'anani. Nyimbo zoyamba ndi gitala zilipo zingati?

Nyimbo iliyonse ili ndi mayina awiri: dzina la nyimboyo ndi dzina la woyimba. Mukadziwa limodzi lokha, mutha kuipeza. Ndiye musachite manyazi. Funsani kuti, "Achimwene, akuyimbawa ndani?" Paja safunsa anadya phula.

Akakuuzani, lembani pomwepo. Mutu umaiwala, pepala siliiwala. Khalani ndi kakope kakang'ono ndi cholembera m'thumba, kapena lembani m'foni. Ngati simukudziwa kalembedwe kake, lembani mmene mwamvera, mudzakonza bwino kunyumba. Ngati palibe wodziwa dzina, lembani mawu atatu kapena anayi amene woyimbayo akubwerezabwereza. Nthawi zambiri dzina la nyimbo limakhala m'mawu omwewo.

Wailesi

Wailesi ndi njira yotsika mtengo kuposa zonse. Sifuna mamega. Mafoni ambiri, ngakhale a mabatani, ali ndi wailesi, bola mulumikize timahedifoni.

Ubwino wa wailesi ndi wakuti wosankha nyimbo si inu, choncho mumamva zimene simukanaziganizira. Koma musamangokhala pa siteshoni imodzi. Lero mverani wailesi ya m'dera lathu, kumene mungamve oyimba ndi makwaya a kufupi kuno. Mawa tembenuzirani ku Rádio Moçambique, imene nthambi yake ya ku Tete imaulutsanso mawu m'Chinyanja, Chinyungwe ndi Chisena. Wailesi imeneyi ili ndi mpikisano wa nyimbo za dziko lino wotchedwa Ngoma Moçambique. Tsiku lina yesani za ku Malawi monga MBC kapena Zodiak, ngati zimamveka kwanuko.

Nyimbo ikatha musafulumire kutseka. Dikirani pang'ono, chifukwa nthawi imeneyo ndi pamene woulutsa mawu amatchula mwini nyimboyo.

Wokopera nyimbo pamsika

Ambiri timapita kwa mnyamata wa kompyuta n'kumuuza kuti, "Ndidzazire memoreyi." Iye amangothira zimene wathirira anthu ena onse. Mukafika kunyumba mupeza kuti theka ndi nyimbo zimene muli nazo kale, zina simuzikonda, ndipo zina zili ndi mawu oti simungamvere pamaso pa ana kapena apongozi. Ndalama yapita.

Pitani ndi kakope kanu kaja. Muuzeni mayina amene mukufuna. Kenako mufunseni kuti, "Pali wina woyimba mofanana ndi ameneyu?" Iye amamva nyimbo tsiku lonse, amadziwa zambiri. Mupempheni akumvetseni pang'ono musanalipire. Mupemphenso kuti nyimbo iliyonse ikhale ndi dzina lake, osati manambala okhaokha. Ngati m'memoremo muli zithunzi za banja, zisungeni kaye pena, chifukwa nthawi zina kompyuta imakhala ndi vairasi yowononga zinthu.

Anzanu nawonso ndi nkhokwe. Nyimbo imachoka m'foni ina kupita m'foni ina pa Bluetooth popanda kulipira kanthu. Musamangosinthana ndi amsinkhu wanu okha. Funsani mwana wanu wa kusekondale, funsani m'bale amene wabwera kuchokera ku Tete, ku Beira kapena ku Joni.

Dzina limodzi limabala lina

Apa ndiye pali chinsinsi chachikulu. Palibe woyimba amene anadzuka yekha. Aliyense anaphunzira kwa wina, anayimba ndi wina, anaphunzitsa wina. Mukagwira dzina limodzi n'kulikoka, ena amatuluka ngati kachewere pa phando limodzi.

Tiyerekeze kuti mumakonda malemu Lucius Banda wa ku Balaka, amene anamwalira mu 2024. Iye anayambira ku Alleluya Band, gulu limene mkulu wake Paul Banda ankatsogolera. Pambuyo pake anayambitsa Zembani Band, ndipo oyimba ngati Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro anagwirapo naye ntchito. Mwaona? Dzina limodzi lakupatsani ena asanu.

Kapena mumakonda sungura ya Alick Macheso wa ku Zimbabwe, amene nyimbo zina amayimba m'Chichewa. Asanayambe gulu lake, iye ankayimba ndi Nicholas Zakaria m'gulu la Khiama Boys. Ngati mumakonda Black Missionaries a ku Chileka, funafunani Evison Matafale, amene anayambitsa gululo.

Za kuno kwathu nazo zili ndi mizu yake. Ngati Mr Bow amakusangalatsani, bwererani m'mbuyo mukamve marrabenta ya Fany Mpfumo ndi ya Wazimbo. Ku Niassa kuli gulu la Massukos, limene limayimba m'zinenero za kumeneko, kuphatikizapo Chiyao ndi Chinyanja.

Onaninso timalemba tiwiri iti: "ft." Mukationa pakati pa mayina awiri, tikutanthauza kuti woyimba wachiwiriyo waitanidwa kudzathandiza. Ngati mawu ake akukomerani, lembani dzina lake. Iyenso ali ndi nyimbo zakezake.

Ngati muli ndi intaneti

Pa YouTube lembani dzina la woyimba pamalo ofufuzira. Ngati kulemba kukuvutabe, dinani kachithunzi ka maikolofoni n'kutchula dzinalo ndi pakamwa. Dzina likatuluka, liyerekezeni ndi limene munalemba m'kope, mukonze pamene munalakwitsa.

Dziwani izi: YouTube, Facebook ndi TikTok zimaona zimene mwaonera kale, n'kumakubweretserani zofanana nazo. Mukaonera makwaya sabata yonse, zidzakupatsani makwaya okhaokha. Kuti mutuluke mu mpanda umenewu, lembani nokha mawu atsopano. Yesani kalindula, marrabenta, timbila kapena amapiano, mumve kuti kutuluka zotani.

Palinso pulogalamu ya pafoni yotchedwa Shazam. Mukaitsegula pamene nyimbo ikulira, imamvera kamphindi n'kukuuzani dzina. Koma imadziwa nyimbo zokhazo zimene zinaikidwa m'nkhokwe yake. Kwaya ya kutchalitchi kwanu mwina siidziwa.

Samalani mamega. Vidiyo imadya kwambiri kuposa mawu okha. Ndipo pakatuluka uthenga wakuti mwapambana mphoto, kapena wofuna nambala yanu yachinsinsi ya M-Pesa kapena e-Mola kuti mutenge nyimbo, tsekani msanga. Amenewo ndi akuba.

Yakale ingakhale yatsopano kwa inu

Nyimbo yatsopano si yokhayo imene yatuluka mwezi uno. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu anabadwa mu 1930, ndipo wayimba kwa zaka zambiri. Mu 2020 Patience Namadingo anayimba naye limodzi nyimbo zake zakale. Imodzi mwa izo, "Linny Hoo", inafala pa TikTok mpaka kumayiko akutali. Achinyamata ambiri anaimva ngati yatsopano, chonsecho agogo awo ankaidziwa kalekale.

Kwanu komweko kulinso nyimbo zimene simungazipeze pamsika kapena pa intaneti. Pali nyimbo za ngoma ya Angoni, za chintali, za pamtondo, za paukwati, zotonthozera mwana. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, ali ndi nyimbo zake zambiri. Nyimbo zotere zimakhala m'mitu ya anthu. Gogo akamwalira asanaphunzitse wina, zimapita naye kumanda.

Ndiye khalani pansi ndi agogo madzulo ena. Afunseni kuti, "Kodi pa utsikana wanu munkayimba zotani posinja?" Akavomera, ajambuleni mawu ndi foni. Lembani dzina la nyimboyo, amene wayimba, ndi tsiku. Koma pemphani kaye chilolezo. Nyimbo zina, monga za kudambwe ndi za kuchinamwali, zili ndi malo ake, si zoika m'foni.

Kumbukirani woyimba

Nyimbo ikamayenda pa Bluetooth, mwini wake salandira kanthu, pamene iye analipira situdiyo. Mukakonda woyimba wa kuno kwathu, muthandizeni. Pemphani nyimbo yake pa wailesi. Akabwera kudzayimba, lipirani pakhomo. Pouza anzanu, tchulani dzina lake.

Yesani sabata ino

Tsegulani tsamba latsopano m'kope lanu. Lembani mayina atatu: limodzi lochokera pa wailesi, lina kwa mnzanu, lina kwa munthu wachikulire. Pafupi ndi dzina lililonse lembani kumene munalimva. Lamlungu madzulo itanani a m'banja mwanu, muwamvetse kapena kuwayimbira imodzi mwa nyimbozo, kenako afunseni ngati akudziwa amene anaiyimba.