Buku ndi Chinangwa Choviika

Amene munakulira kunyanja, ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay, mukudziwa kuti chinangwa chili pawiri. Pali cha Manyokola, chimene mwana amangosenda ndi mano n'kuyamba kukukuta. Ndiye pali chowawa, monga cha Gomani, chimene ukadya chachiwisi umamva chizungulire, kusanza, mwinanso kutsikira kuli chete. Mlimi amazisiyanitsa kumunda poona mtengo ndi masamba, koma zikakumbidwa n'kuunjikidwa pamsika khungu lake ndi limodzimodzi. Agogo anga ankathyola kansonga, n'kukagunditsa palilime, kenako n'kulavula. Akakwinya nkhope tinkadziwiratu kuti chimenecho n'choviika. Ankachisenda, kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, kuchiyanika pathandala, kuchisinja mumtondo, ndipo chomwe chikanatipha chija chinkabwera m'mbale chili kondowole.

Mabuku onena za maulendo oopsa, komanso onena za mmene timalakwira poweruza anthu osawadziwa, amatichita zomwezi. Zimene zinamugwera mwini nkhani ndiye chinangwa chachiwisicho. Wolemba amaviika, ululu n'kuchoka, koma fungo n'kutsala. Ife timadya n'kukhuta osafa.

Tengani buku la Legson Kayira, I Will Try, lomwe linatuluka mu 1965. Mnyamatayu anali wa ku Mpale, chakumpoto kwenikweni kwa dziko lino, ndipo anaphunzira ku Livingstonia. Mu Okutobala 1958 ananyamuka pakhomo wopanda nsapato, ati akupita ku America kukaphunzira. M'manja munali kankhwangwa, bulangete, kamba wa masiku ochepa, Baibulo ndi buku la John Bunyan la Pilgrim's Progress. Anadutsa Tanganyika, nafika ku Kampala m'dziko la Uganda, kumene anapeza dzina la Skagit Valley College m'buku lina mulaibulale n'kulembera kalata sukuluyo. Atafika ku Khartoum, anthu a ku Mount Vernon, kumene kuli sukuluyo, omwe anali asanamuonepo anasonkha ndalama ya ndege, ndipo pakutha pa 1960 anatera ku America. Zaka ziwiri zathunthu panjira, gawo lalikulu wapansi.

Ine ndinaliwerenga ndili pakhonde, kapu ya tiyi ili pambali. Tiyiyo anazizira osamwedwa, ndipo ndinangozindikira kuti ndapinda miyendo, mapazi ndawakweza pampando, ngati kuti minga ya m'bukumo ili pansi pomwepo. Mantha amenewa n'chifukwa chiyani amakoma? Chifukwa ululu unachoka kale. Ukudziwa kuti sanafere m'tchire, pakuti wakufa salemba buku. Mtima umagunda ndithu, m'mimba mumatentha akagona ndi njala, koma ukatembenuka uli kwanu, nsima ili pamoto.

Chimene chimakhalitsa mumtima si mtunda umene anayenda ayi. Ndi chakuti bukulo limakusandutsa mlendo. Masiku onse ndife eni mudzi, oyang'ana wodutsa n'kumafunsana kuti ameneyu ndi wa kwa yani. M'bukumo ndiwe amene ukufika pamudzi wa eni dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'maondo, nkhwangwa m'dzanja, chinenero chawo sukuchidziwa. Ukudziwa kuti ulibe choipa mumtima, koma khungu lako silinena zimenezo. Apa m'pamene ndinakumbukira 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu angapo n'kuphedwa pongowaganizira. Akanadutsa kumeneko nthawi imeneyo mnyamata wa nkhwangwa uja, kaya tikanakhala nalo buku loti tiwerenge.

Buku la Malcolm Gladwell la Talking to Strangers, la mu 2019, ndi kondowole wa mtundu wina, wakuti kuwawa sikunatheretu. Mulibe ulendo wautali, koma muli anthu odzidalira amene analawa ndi maso okha. Neville Chamberlain, nduna yaikulu ya Britain, anakumana ndi Adolf Hitler katatu mu Seputembala 1938, anamuyang'ana kumaso, namugwira chanza, n'kubwerera kwawo ali wotsimikiza kuti munthuyo asunga mawu ake. Patangotha chaka nkhondo inabuka. Winston Churchill, amene sanakhalepo pansi ndi Hitler, ndiye anamudziwa bwino. Kuonana maso ndi maso kumene timakukhulupirira kuja n'kumene kunamupusitsa Chamberlain.

Nkhani imene bukuli limayambira ndi kuthera ndi ya Sandra Bland, mayi wachikuda wa zaka 28. Pa 10 Julayi 2015 wapolisi anamuimitsa pamsewu ku Prairie View m'chigawo cha Texas chifukwa sanayatse indiketa posintha mbali ya msewu. Mayiyo anayatsa ndudu m'galimoto yake. Wapolisi anati azimitse, iye anakana, mawu anakwera, anamumanga, ndipo patapita masiku atatu anapezeka atafa m'chitokosi. Wowerenga sachoka pamenepa ali wosangalala. Poyamba umapsa mtima ndi wapolisiyo. Kenako manyazi amabwera pang'onopang'ono, ukakumbukira tsiku limene unakumbatira chikwama m'minibasi chifukwa cha tsitsi la mnyamata amene anakhala pafupi nawe, kapena tsiku limene unapereka ndalama kwa munthu wa tayi wolankhula mwaulemu, amene mpaka lero foni yake sikupezeka.

Ndinene pano kuti pa nkhani ya Bland, Gladwell anaviika mopitirira. Amafotokoza kwambiri za kusamvana kwa anthu awiri osadziwana ndi kaphunzitsidwe ka apolisi, mpaka tsankho la khungu limamveka ngati lasukuluka, ndipo ambiri anamudzudzula pa chimenechi. Ine ndili kumbali yawo. Pali kuwawa kwina kumene wowerenga ayenera kukumva palilime.

Fanizo langali lili ndi polekezera pake. Chinangwa uthyola kansonga n'kulawa, nthawi yomweyo wadziwa. Munthu alibe kansonga kotero. Akuluakulu anati mlendo ndiye ayenda ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti angathe kukumasulira chimene chakukanika, koma kalumoko sikaoneka ali pachipata. Amene amatseka mabukuwa n'kumadziona ngati katswiri wowerenga nkhope za anthu wangotafuna osameza.

Ngati mukufuna poyambira, yambani ndi la Kayira, mwana wa kuno kwathu amene anamwalirira ku London mu 2012. Muwerenge ana ali pafupi, ndipo mukafika pamene akuyandikira mudzi wachilendo kunja kukuda, imani kaye muwafunse kuti akanakhala eni mudziwo akanamutani.