Kutikita minofu yovulala ndi kachitsulo: kumathandiza liti, kumaononga liti?

Mlimi wa mbatata ya kachewere ku Angónia kapena ku Tsangano akabinya mwendo atasenza thumba, ululu waukulu umatha m'masabata ochepa. Koma nthawi zina akakolo amakhala ouma mpaka nyengo yopalira, ndipo kuyenda m'mizere kumavuta. Chimachititsa n'chakuti mnofu kapena mtsempha wong'ambika umapola ndi chipsera cha mkati, chomwe sichitamuka ngati mnofu wabwino.

Pofuna kufewetsa malo otere, akatswiri ena a fisioterapia amagwiritsa ntchito tizitsulo tosalala, tosachita dzimbiri, tokwana m'dzanja. Timakhala topindika mosiyanasiyana kuti tigwirizane ndi phewa, chigongono, katumba kapena chidendene. Njira yodziwika kwambiri ndi ya Graston, yomwe inayambira ku America m'zaka za m'ma 1990. Ku China kuli ina yakalekale yofananako, yotchedwa gua sha, yomwe amapalira khungu ndi mwala wosalala kapena nyanga.

Katswiri amayamba wadzoza mafuta pakhungu. Kenako amapendeketsa kachitsulo n'kumakakhuza motsatira mnofu kwa mphindi zochepa chabe. Pamene pali chipsera, kachitsuloko kamamveka ngati kakudutsa pamchenga, ndipo apo ndi pomwe amalimbikirapo. Khungu limatentherako n'kufiira pang'ono chifukwa magazi athamangirapo. Likatuluka mikwingwirima yaikulu, ndiye kuti dzanja linalemera mopitirira.

Kachitsuloka sikacheka khungu, choncho n'kosiyana kotheratu ndi kutemera mphini ndi lumo. Komanso pakokha sikachiritsa. Kafukufuku akusonyeza kuti kamatha kuchepetsa ululu ndi kuuma kwa kanthawi. Nthawi imeneyo ndi yoti wodwala atambasule minofu ndi kuchita timasewera tolimbitsa chiwalo tomwe wapatsidwa. Timaseweroto nditimene timabwezera munthu kumunda.

Pali nthawi zomwe kupala mnofu kumawonjezera vuto. Sikuloledwa pabala losapola, pafupa lothyoka lomwe silinalumikizane, pachithupsa, pakhungu la zilonda, ngakhalenso kwa munthu amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana. Katumba wa mwendo umodzi akatupa, kutentha ndi kupweteka popanda chifukwa chooneka, asatikitidwe n'komwe. Mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo chibuluma chake chikhoza kusuntha n'kukatseka m'mapapo. Wotere apite msanga kuchipatala.

Kwa amene wangobinya kumene, masiku awiri kapena atatu oyamba ndi opumitsa chiwalo, kuchikweza pamtsamiro ndi kuikapo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira. Kupalapo ndi supuni kunyumba kumangowonjezera kutupa.

Ngati mwendo ukukanika kuponda pansi, kapena kuuma sikukusintha patapita masabata angapo, njira ndi kuyambira ku Centro de Saúde yapafupi. Azaumoyo akaona kuti m'pofunika, amalemba kalata yotumiza wodwala kuchipatala chachikulu komwe kuli a fisioterapia, monga ku Hospital Provincial de Tete.