Kodi Mankhwala a Khansa Akugwira Nchito? Akatswiri Afuna Kuona Msanga

Banja la ku Kasisi likakhala ndi wodwala khansa, ulendo wake ndi wa ku Lusaka, ku Cancer Diseases Hospital, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi UTH. Ndalama za basi zimatha, wodwala amasanza, tsitsi limathothoka. Funso la onse m'nyumba ndi limodzi: kodi mankhwalawa akuthandiza?

Kawirikawiri dokotala sangayankhe msanga. Ayenera kuyembekezera masabata angapo kuti aone ngati cotupa cayamba kuphwa. Ndiye cifukwa cake akatswiri akufunafuna njira yodziwira zimenezi m'masiku ocepa cabe.

Thupi lathu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tochedwa maselo. Selo likakalamba kapena kuonongeka limadzipha lokha, ndipo thupi limalicotsa. Mu 1972 John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie, ali ku Aberdeen m'dziko la Scotland, anaicha imfa imeneyi apoptosis. Maselo a khansa amakana kufa, motero amangoculukana. Nchito ya mankhwala ambiri a khansa ndi kuwakakamiza kuti afe.

Selo likayamba kufa, mafuta ena amene amakhala m'kati mwa khungu lake amatulukira kunja. Pali puloteni yochedwa annexin V imene imakakamira pa mafuta amenewo monga nyerere pa shuga. Akatswiri amailumikiza ndi technetium-99m, mankhwala otulutsa mphamvu yosaoneka yofanana ndi ya X-ray, kenaka amaibaya mu mtsempha. Kamera yapadera imaonetsa pamene yaunjikana, ndipo pamenepo ndi pamene maselo akufa. Mphamvuyo sikhalitsa m'thupi: pa maola 6 aliwonse imacepa ndi theka.

Mu 1998 gulu la Francis Blankenberg ku Stanford, ku America, linaonetsa zimenezi pa nyama. Mu 2000 madokotala a ku Maastricht, ku Netherlands, anaiyesa pa anthu odwala mtima, ndipo pambuyo pake inayesedwanso pa odwala khansa.

Koma dziwani kuti njirayi ikali pa kafukufuku, sinafike pogwiritsidwa nchito tsiku ndi tsiku m'zipatala. Vuto lina ndi lakuti puloteniyi imaunjikananso mu impso ndi m'ciwindi, zimene zimasokoneza cithunzi ca m'mimba.

Tsono inu amene musamalira wodwala, musamuleketse mankhwala cifukwa cotupa sicinaphwe sabata yoyamba. Sungani tsiku lobwerera ku cipatala, ndipo funsani dokotala zimene wapeza. Azimayi, pitani mukapimidwe khomo la ciberekero. Boma linayamba nchito imeneyi mu 2006. Makolo, lolani ana anu akazi alandire katemera wa HPV, amene anafika m'dziko lonse mu 2019. Khansa ikapezeka msanga, mwai wocira umakhala waukulu.