CIGAZA CA KU BROKEN HILL
Kodi Munthu ndi Nyani Ali Pacibale?

Mwana wa sukulu wa ku Garden kapena ku Matero akafika kunyumba nanena kuti munthu anacokera kwa nyani, makolo ambiri amapsa mtima. Mkwiyo wao uli ndi cifukwa, pakuti m'masiku a ulamuliro wa Azungu liu lakuti "nyani" linali mwano umene anthu akuda anaumva kawiri-kawiri pa nchito. Koma akatswiri a sayansi sanena kuti nyani anabala munthu ai. Iwo ati munthu ndi anyani ali ndi kholo limodzi la kale lomwe, monga asuweni amene ambuye ao ndi amodzi, ngakhale wina sanabale mnzace. Ndipo umboni wina wa nkhani imeneyi unafukulidwa ndi anthu a mu mgodi m'dziko lino lomwe.

Woyamba kulongosola bwino ganizoli anali Mngelezi wina, Charles Darwin. M'caka ca 1859 iye analemba kuti zamoyo zimasinthika pang'ono-pang'ono m'mibadwo yambiri-mbiri. M'caka ca 1871, poona kuti gorilla ndi chimpanzee, anyani akulu opanda mcira amene afanana kwambiri ndi munthu, akhala m'Afirika, anaganiza kuti makolo oyamba a anthu anakhalanso komweko. Koma masiku amenewo mafupa otsimikiza mau ace anali asanapezeke m'Afirika.

Pa 17 June 1921, ku mgodi wa mtobvu wa Broken Hill, kumene tsopano kuchedwa Kabwe, Mzungu wa ku Switzerland, Tom Zwigelaar, pamodzi ndi mnzace wa kuno amene dzina lace silinalembedwe, anali kukumba m'phanga lodzala ndi mafupa a nyama. M'menemo anapeza cigaza codabwitsa. Pamwamba pa maso pali mafupa ocindikala, oturuka ngati khonde la nyumba, ndi mphumi yopendekera m'mbuyo. Koma malo a bongo ndi akulu, pafupi kulingana ndi a munthu wa lero. Mano ace ambiri ndi obooka, ndipo nkosakayikitsa kuti mwini wace anasauka nao. Cigazaco cinatumizidwa ku London, kumene Arthur Smith Woodward anacicha Homo rhodesiensis. Mwini cigaza sanali nyani, koma munthu wa mtundu wakale umene unatha. M'caka ca 2020 akatswiri anacipimanso napeza kuti ciri ndi zaka ngati 299,000.

Patapita zaka zitatu, mu 1924, anthu ophwanya miyala ya laimu ku Taung, m'South Africa, anapezanso kacigaza ka mwana, ndipo kanafika m'manja mwa Raymond Dart ku Johannesburg. Bongo wa mwanayo unali waung'ono ngati wa chimpanzee. Koma ciboo cimene msana ulumikizana naco ndi mutu cinali pansi pa cigaza, osati kumbuyo monga ciri pa nyama zoyenda ndi miyendo inai. Pamenepo Dart anazindikira kuti mwanayo anayenda coimirira, zaka zoposa 2,000,000 zapitazo. Akatswiri ambiri a ku Ulaya anakana, popeza anali kuyembekeza kuti ciyambi ca munthu cidzapezeka ku Ulaya kapena ku Asia. Anabvomereza patapita zaka zoposa 20, Robert Broom atapeza mafupa ena otere ku Sterkfontein.

Umboni winanso uli m'thupi mwa munthu ali yense. M'menemo muli cinthu cochedwa DNA, cimene mwana alandira kwa atate ndi amai ace, ndico cimcititsa kufanana nao. Mu 2005 akatswiri analinganiza DNA ya munthu ndi ya chimpanzee, napeza kuti pa zigawo 100 ziri zonse, zoposa 98 ndi zofanana. Amawerengera kuti mabanja awiriwa anapatukana zaka 6,000,000 kapena 7,000,000 zapitazo. Nyani wa m'mapiri, uja amaba cimanga m'munda, ndi mbale wa patali koposa.

Tsono cibale cimeneci si ca anthu akuda okha. Mzungu, Mmwenye, Mchaina ndi Mcewa onse ali pacibale colingana ndi chimpanzee, palibe woyandikira koposa mnzace, ndipo makolo a onsewa anaturuka m'Afirika. Munthu wonyoza mnzace kuti ndi nyani aonetsa kuti sadziwa mbiri ya mtundu wace.

Cigaza ceni-ceni ca ku Kabwe cikali ku Natural History Museum ku London, ndipo ofuna kuona maonekedwe ace m'Zambia muno amapenya cifanizo cace ku Livingstone Museum. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 Boma la Zambia lakhala likupempha kuti cibwerere kwao kumene anthu a mu mgodi anacifukula.